Mmene mungafufuzire mbiri ya banja lanu ndi zithunzi zakale zokhala ndi galimoto

M'nyumba zambiri kuno ku Kasungu muli chithunzi cha mtundu uwu: bambo wa jekete ndi chipewa, phazi limodzi waponda pa bampala ya Land Rover, kapena wayedzamira lole yodzaza mabelo a fodya. Kumbuyo kwa chithunzicho kulibe dzina, kulibenso chaka. Ena pabanjapo amati ndi agogo ali ku Joni, ena amati ayi, ndi atsibweni ali pa esiteti cha ku Santhe. Mkangano wotere umatheka kuuthetsa, chifukwa galimoto ili ndi chaka chodziwika chimene inayamba kupangidwa, pamene jekete limodzi munthu ankatha kulivala zaka makumi awiri.

Musanayambe, gwirani mfundo iyi: galimoto imakuuzani chaka chimene chithunzi sichingapitirire kubwerera m'mbuyo, osati chaka chenicheni chimene chinajambulidwa. Peugeot 404 inatuluka mu 1960, choncho chithunzi chimene ikuonekamo sichingakhale cha 1955. Koma mapikapu a 404 ankanyamulabe matola patapita zaka makumi atatu. Malire a mbali inayo muwapeza kwa anthu, pa pepala la chithunzicho ndi m'mabuku a kutchalitchi.

Sonkhanitsani kaye, musakonze kanthu

Yang'anani m'masutikesi, m'mathiranki achitsulo, pakati pa masamba a Baibulo ndi mabuku a nyimbo. Tsegulani felemu iliyonse kumbuyo, chifukwa anthu ankaika chithunzi chatsopano pamwamba pa chakale osachotsa. Ngati munthu amene mukumufufuza anali mkamwini, musataye nthawi yonse kumudzi kwa mkazi wake. Maliro akatha, katundu wa mwamuna nthawi zambiri ankabwerera kwawo, ndipo zithunzi, zitupa ndi laisensi zimakapezeka kwa alongo ake kapena kwa ana a alongo akewo.

Tengani pepala lililonse limene lili pamodzi ndi zithunzizo: envulopu yokhala ndi sitampa, khadi la ubatizo, khadi la chipani, lisiti la msonkho, chitupa cha ku mgodi, laisensi yoyendetsera galimoto. Zithunzi za mu alubamu musazisolole. Mmene anazisanjira mwini wake ndi umboni pawokha, chifukwa zoyandikana kawirikawiri zimakhala za ulendo umodzi kapena filimu imodzi.

Chithunzi chilichonse chipatseni nambala. Lembani kumbuyo, m'mphepete, ndi pensulo yofewa ya 2B, chithunzicho chitagona pa tebulo lolimba. Bolopeni imadinda mpaka kutsogolo, ndipo inki yake imadutsa pakapita zaka. Nambala yomweyo ilembeni m'kope, pamodzi ndi nyumba imene chinachokera ndi tsiku limene mwabwereka. Chobwereka chibwezeni msanga. Nyumba imodzi ikadandaula kuti munapita nazo osabweza, zitseko zina zonse zitsekeka.

Jambulani ndi foni tsiku lomwelo

Chitani zimenezi pakhonde m'mawa, pamthunzi, fulashi itazimitsidwa. Pukutani diso la kamera, goneketsani chithunzi pa nsalu yakuda, foni ikhale pamwamba penipeni osapendeka. Jambulani kutsogolo konse ndi m'mphepete momwe, kenako kumbuyo ngakhale kukuoneka ngati kulibe kanthu. Mukatero yandikirani: nambala ya galimoto payokha, kutsogolo kwa galimoto pakokha, chikwangwani chilichonse, nkhope iliyonse. Mukapeza sikana pa malo otayipira pa boma, auzeni aike 600 dpi, ndipo tizithunzi ting'onoting'ono tonga ta pachitupa aike 1200. Potumizira abale pa WhatsApp, tumizani ngati document. Mukatumiza ngati chithunzi wamba chimachepetsedwa, ndipo choyamba kufufutika ndi nambala ya galimoto ija.

Chithunzi chimene chamatirira ku galasi la felemu musachikoke, nkhope itsalira pagalasi. Chijambuleni chili momwemo. Chochita nkhungu chiumikeni pamthunzi ndi kuchisasa ndi kaburashi kofewa, osachikhudzitsa madzi. Kumata pulasitiki yotentha, kumene amachita ndi masatifiketi, musayerekeze: sikumatulika, ndipo kumaphimba zonse zimene pepala likanakuuzani. Mapulogalamu a pafoni oyeretsa nkhope ndi kupaka mitundu amapeka zimene sakuziona bwino. Amatha kusandutsa 3 kukhala 8 pa nambala, kapena kupatsa agogo anu mphuno ya munthu wina. Pofufuza gwiritsani ntchito chithunzi chosakonzedwa.

Pitani kwa akuluakulu musanapite kwina kulikonse

Mabuku a ku National Archives ku Zomba akudikirani, koma agogo a zaka 85 sangadikire. Sindikizani chithunzicho pa pepala la A4 kuti maso okalamba aone, foni ndi yaing'ono. Pitani nyengo ya chilimwe ntchito ya kumunda ndi yosankha fodya itatha, ndipo mufunse munthu mmodzi payekha. Pagulu, wolankhula kwambiri ndiye amapambana, ena amangovomera.

Musatchule dzina inu poyamba. Mukati, "Agogo, awatu ndi agogo aamuna, eti?" adzati inde pokulemekezani. Nenani kuti, "Agogo, taonani apa. Alipo amene mukumudziwa?" ndipo mukhale chete. Akatchula dzina, funsani kuti amudziwira chiyani: chipsera, kaimidwe, chipewa, kapena kungoti chithunzicho chinkakhala m'nyumba mwake.

Za chaka musafunse mwachindunji. Funsani motere: "Pamenepa Kamuzu anali atabwera?" Anabwera pa 6 July 1958. "Ndalama zinali mapaundi ndi masheleni, kapena makwacha?" Kwacha ndi tambala zinayamba mu 1971. "Fodya ndi mtedza munkagulitsa kwa Farmers Marketing Board kapena ku ADMARC?" Dzina la ADMARC ndi la 1971 lomwelo. Funso loposa onse ndi lakuti, "Nthawi imeneyo kumsana munali ndi mwana uti?" Mayi saiwala zimenezo, ndipo mwanayo ali ndi khadi la ubatizo kapena la kusikelo.

Funsaninso za galimotoyo: inali ya yani, ankayendetsa ndani, inkanyamula chiyani, inkachokera kuti. Apa mpamene mabanja ambiri amakhumudwa, chifukwa amayembekezera kumva kuti inali ya agogo awo. Nthawi zambiri inali ya boma, ya mishoni, ya esiteti kapena ya mmwenye wa sitolo, ndipo wojambulidwayo anali dalaivala, makaniko, kalaliki, kapitawo, kapena wodutsa amene anangopempha kuimapo. Musaone kuchepa. Kudziwa mwini wa galimoto ndiko kumakulozerani kumene munthuyo ankagwira ntchito, ndipo kumeneko ndi kumene kuli mapepala.

Mukaona chithunzi chodulidwa munthu mmodzi ndi lezala, funsani mofatsa, ndipo akakana kuyankha musakakamize. Mwina ndi banja limene linatha, mwinanso ndi munthu amene anamangidwa kapena kuthawa m'nthawi ya chipani chimodzi. A Mboni za Yehova ambiri anawolokera ku Zambia mu 1972, ndipo mabanja ena nkhani zotere sazikamba mpaka lero. Pemphani chilolezo musanatsegule chojambulira mawu.

Werengani pepala la chithunzicho

Tizithunzi takuda ndi koyera tokhala ndi m'mphepete moyera modulidwa ngati mano a sowo n'tofala m'zaka za m'ma 1940 mpaka m'ma 1960. Zamitundu zokhala ndi makona ozungulira, zimene zafiira ngati dothi la katondo, zambiri ndi za m'ma 1970 ndi kuchiyambi kwa ma 1980. Deti la manambala ofiirira pakona ndi la makamera a m'ma 1980 ndi 1990, koma musalikhulupirire lokha, chifukwa batire ikatha deti linkabwerera poyambira ndipo ojambula oyendayenda ambiri sankalikonza.

Chidindo cha situdiyo kumbuyo ndi chamtengo wapatali chifukwa cha dzina la tauni. Salisbury inasanduka Harare mu 1982, Elisabethville inasanduka Lubumbashi mu 1966. Chidindo chonena Northern Rhodesia chinasemedwa dziko la Zambia lisanalandire ufulu mu October 1964. Fort Manning ndi Mchinji, Fort Jameson ndi Chipata, Broken Hill ndi Kabwe. Kumbukirani kuti wojambula ankagwiritsabe ntchito chidindo chakale mpaka chithe, ndiponso kuti chithunzi chimatha kutsukidwanso kuchokera ku negetivu patapita zaka. Zikatero pepala limakhala latsopano kuposa zimene zili m'chithunzimo.

Zithunzi zikuluzikulu za ukwati zopaka utoto, zimene amuna ankabwera nazo kuchokera ku Joni, samalani nazo. Zambiri ankazipanga kuchokera ku tizithunzi tiwiri tosiyana ta pachitupa, suti ndi velo n'kuchita kujambulira pamanja. Nkhope ndi zenizeni, zovala si umboni.

Tsopano galimotoyo

Yang'anani zinthu zinayi: pamene pali nyali zakutsogolo, galasi lakutsogolo ngati ndi limodzi kapena logawika pakati, galasi lakumbuyo, ndi chitsulo chamabowo chakutsogolo kwa injini chimene amakaniko amati grill. Mtundu wa penti ndi matayala sizithandiza, zimasinthidwa.

Land Rover ndiyo mudzakumane nayo kwambiri, chifukwa ndi imene ankayendera a DC, apolisi, alangizi a zaulimi, amishoni ndi mabwana a m'maesiteti. Yoyamba, Series I, ndi ya 1948 mpaka 1958, ndipo m'mbali mwake ndi mosalala kuchokera pamwamba mpaka pansi. Kuyambira Series II mu 1958, pansi pa mawindo pali kaphewa kotukuka kuzungulira thupi lonse. Nyali zikakhala pakati, moyandikana m'mbali mwa grill, galimotoyo ndi ya chisanafike chaka cha 1970. Cha mu 1968 ndi 1969 nyali zinasamukira kunja pa madigadi. Nyali zakunja ndi grill yawaya wachitsulo ndiye kuti ndi Series IIA yomalizira, ya pakati pa 1968 ndi 1971. Nyali zakunja ndi grill yapulasitiki ndi Series III, ya 1971 mpaka 1985. Galasi lakutsogolo likakhala limodzi losagawika, mwafika pa One Ten ya 1983 kupita m'tsogolo. Chenjezo ndi lakuti amakaniko athu ankaphatikiza ziwalo za magalimoto awiri kapena atatu, choncho zizindikiro ziwiri zigwirizane musanalembe.

Peugeot 403 ndi yozungulira thupi, inayamba mu 1955. Ya 404 ili ndi nyali zozungulira ndi timapiko tosongoka kumbuyo, ndi ya 1960. Ya 504 nyali zake ndi zamakona, inatuluka mu 1968, koma pikapu yake inabwera mochedwa, mu 1979. Volkswagen Beetle iyang'aneni kumbuyo: kawindo kogawika pawiri ndi ka chisanafike 1953, kozungulira ngati dzira ndi ka 1953 mpaka 1957, windo lalikulu ndi la pambuyo pake. Kombi ya galasi lakutsogolo logawika inalekeka ku Germany mu 1967. Morris Minor inayamba mu 1948, ndipo galasi lake lakutsogolo linali logawika mpaka 1956. Ford Anglia ya windo lakumbuyo lopendekera mkati ndi ya 1959 mpaka 1967.

Pa malole, Bedford yamphuno yotchedwa J inayamba mu 1958, ndipo TK yopanda mphuno, imene dalaivala amakhala kutsogolo kwenikweni, inatsatira cha mu 1960. Za ku Japan ndi zapambuyo: Toyota Hilux yoyamba ndi ya 1968, Datsun 120Y ndi ya 1973, ndipo dzina la Datsun linalowedwa m'malo ndi Nissan m'zaka za m'ma 1980. Popeza Kasungu ndi dziko la fodya, musaiwale thirakitala. Ferguson yaing'ono yotuwa ndi ya 1946 mpaka 1956, Massey Ferguson 135 inayamba mu 1964, ndipo nambala yake imalembedwa m'mbali mwa boneti. Mukapeza galimoto yaitali miyendo, ya matayala opyapyala a masipoko ndi denga lansalu, yonga Ford Model T ya 1908 mpaka 1927, chithunzicho n'chosowa kwambiri ndipo mwina chinachokera ku mishoni kapena ku boma.

Basi imadzitchula yokha ndi dzina la m'mbali. Nyasaland Transport Company ndi ya nthawi ya atsamunda, kenako kunabwera United Transport Malawi, imene anthu ankangoti UTM. Stagecoach inatenga mabasiwo mu 1989, ndipo Shire Bus Lines inatsatira chakumapeto kwa ma 1990.

Zikakukanikani, pitani ndi pepala lija kwa makaniko wachikulire kapena dalaivala wopuma wa boma. Anthu amenewa amazindikira galimoto ndi chogwirira chitseko chokha. Pa intaneti mungayerekeze polemba dzina la galimoto ndi chaka, koma yerekezani ndi za ku Britain kapena South Africa, chifukwa za ku America nyali ndi mabampala zinkasiyana.

Nambala ndi chiwongolero

KU ndi Kasungu, MC ndi Mchinji, LL ndi Lilongwe, ZA ndi Zomba, MG ndi galimoto ya boma. Manambala oyamba ndi B ankatsatana, BA, BB, BC, BD mpaka m'tsogolo, choncho pa zithunzi ziwiri, BC inalembetsedwa kale kuposa BF. Nambala yoyamba ndi TJ ndi ya Johannesburg, TP ndi ya Pretoria, ndipo kalembedwe kameneka kanasinthidwa mu 1978. CA ndi Cape Town, ND ndi Durban. Ku Southern Rhodesia S inali Salisbury, B inali Bulawayo. Pali msampha umodzi: ZA ya pa kachikwangwani kozungulira ngati dzira kumbuyo kwa galimoto si Zomba, ndi chizindikiro cha dziko la South Africa.

Nambala ya kunja sikutanthauza kuti chithunzi chinajambulidwa kunja. Matchona ena ankabwera patchuthi ndi galimoto, ndipo mudzi wonse unkajambulitsa pamenepo. Yang'anani kumbuyo kwa anthuwo: nkhokwe, chigafa, balani ya fodya kapena phiri la Kasungu zikuuzani kuti ndi kuno.

Chiwongolero kuno, ku Zambia, ku Zimbabwe ndi ku South Africa chimakhala kumanja. Chikaoneka kumanzere, onani kaye ngati zilembo za nambala zili chagada, chifukwa wotsuka amatha kutembenuza negetivu. Zilembo zikakhala bwinobwino, ganizirani za ku Congo kapena galimoto ya amishoni yobwera nayo kuchokera kunja. Ngati galimoto inalidi ya pabanja, funani bulubuku yake, muli chaka, nambala ya injini ndi maina a eni ake akale.

Phatikizani zizindikiro

Tiyerekeze chithunzi chotere: Land Rover ya nyali zakunja ndi grill yawaya, nambala ya MG, yaima pakhomo pa sitolo ya mmwenye pa kamsika ka kumudzi. Pakhoma palembedwa mtengo wa sopo m'matambala. Pambali pali mayi wobereka mwana. Galimoto ikuti si chisanafike 1968. Matambala akukankhira malirewo ku 1971. Amwenye anachotsedwa m'misika ya kumidzi pofika 1978, ndiwo malire a mbali inayo. Agogo akuti wakumsanayo ndi mwana wawo wachitatu, ndipo khadi lake la ubatizo likuti anabadwa mu 1973. Chithunzicho ndi cha 1973 kapena 1974, ndipo bambo woima pa chitseko cha dalaivala ayenera kufufuzidwa ngati wantchito wa boma.

Zina zothandiza mofananamo: lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa akazi mathalauzi ndi masiketi aafupi mpaka nthawi ya matipate, choncho mayi wa thalauzi pamsewu ndiye kuti ali kunja kwa dziko, kapena ndi chisanafike 1973, kapena ndi pambuyo pa 1993. Yunifolomu ya Young Pioneers ndi ya pakati pa 1963 ndi 1993. Njanji inafika ku Mchinji mu 1980, Kamuzu Academy ku Mtunthama inatsegulidwa mu 1981. Wa ku migodi amene akuti anapita pa Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya ku migodi ya ku Joni, kumbukirani kuti kulemba anthu kunaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi oposa 70, kunayambanso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, n'kutha mu 1988.

Mapepala, ndi vuto la maina

Yambani ndi tchalitchi. A CCAP funsani kwa mlembi wa mpingo wa kwanu, monga ku Chilanga, kenako ku likulu la sinodi ku Nkhoma. Akatolika funsani ku parishi imene munthuyo anabatizidwira, monga Chiphaso, Nkhamenya, kapena Kachebere, Guilleme ndi Ludzi kwa a ku Mchinji. Parishi zatsopano zinadulidwa ku zakale, choncho buku la ubatizo wa m'ma 1940 lili ku parishi yaikulu ya nthawiyo. M'mabuku akale a Akatolika maina analembedwa m'Chilatini, Petulo ndi Petrus, Yohane ndi Joannes.

Ku National Archives ku Zomba kuli malipoti a ma DC, Government Gazette ndi nyuzipepala zakale monga Nyasaland Times ndi Msimbi. Pitani ndi chitupa chanu, pensulo, ndi funso lolunjika, lokhala ndi boma, dipatimenti ndi zaka. Maina a madalaivala ndi amesenjala sapezeka kawirikawiri, koma mudzapeza ntchito imene inkachitika m'deralo chaka chimenecho ndi bwana amene ankayendetsedwa. Laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ku Blantyre ili ndi zithunzi zakale zoyerekezera nyumba, misewu ndi magalimoto.

Munthu mmodzi fufuzani ndi maina ake onse. Pali la paubwana, la kuchinamwali, la ubatizo, la kuntchito, ndi limene analowa ngati anadzakhala mfumu kapena nkhoswe. Ena anapita ku migodi pa chitupa cha mkulu wawo, ena anabwereza sukulu pa dzina la mbale. Amayi ambiri ankangodziwika ndi mfunda, Naphiri, Nabanda, Nambewe, ndipo m'mudzi umodzi a Naphiri amakhala angapo, choncho lembaninso dzina la mayi wawo ndi mudzi wochokera. Chaka chobadwa cha pa chitupa cha unzika cha 2017 kwa okalamba ambiri chinali chongoyerekeza. Chikasemphana ndi buku la ubatizo, tsatirani bukulo.

Lembani ndi kusunga

Pa nambala iliyonse m'kope lembani maina kuchokera kumanzere kupita kumanja, malo, zaka za malire, ndi amene wakuuzani chilichonse. Siyanitsani zotsimikizika ndi zongomva: "1973 kapena 1974, malinga ndi khadi la ubatizo" payokha, "akuti anali dalaivala wa zaulimi, anatero mlongo wawo" payokhanso. Anthu awiri akasemphana, lembani zonse ziwiri ndi maina awo.

Zithunzi zenizenizo ikani chimodzichimodzi m'maenvulopu a pepala loyera, m'thiranki yachitsulo yokhazikidwa pa njerwa kutali ndi khoma, kuopa chiswe ndi chinyezi cha dzinja. Musasunge m'chipinda chimene mumaunjikamo fodya, feteleza kapena chimanga chothira mankhwala, kapena m'nyumba yophikira mmene muli utsi. Pakhoma pachikani chosindikiza, chenicheni chikhale mumdima. Za mufoni zikhale malo atatu: mufonimo, pa fulashi kapena memori khadi yosungidwa nyumba ina, ndi pa imelo ya mbale wodalirika. Thirankiyo muziitsegula kawiri pachaka, mvula isanayambe ndi itangotha, n'kuyala maenvulopu pamthunzi kwa ola limodzi musanawabwezeremo.